Chilonda chonyowa patsinde pa mchira: lipoti la galu wolondera khola ku Nchalo

Wodwala mu lipotili ndi galu wamphongo wosafula, wa zaka pafupifupi 3, wolemera makilogalamu 22, wa pakhomo lina kufupi ndi Nchalo m'boma la Chikwawa. Ndi wosakaniza mtundu: ali ndi magazi a German Shepherd ndi a galu wamba wakumudzi, ndipo ubweya wake ndi wautali komanso wothinana, makamaka m'khosi ndi kumbuyo konse. Eni ake anamutenga ku Blantyre ali kamwana kuti azilondera khola la ng'ombe ndi mbuzi. Ndinamuona kumapeto kwa Novembala, mvula yoyamba itagwa kenako n'kudula, nthawi imene kuno kuchigwa masana kumatentha kupitirira madigiri 40 ndipo mpweya umakhala wachinyontho.

Vuto lake linali chilonda chonyowa chimene mabuku a madokotala a ziweto amachitcha hot spot kapena acute moist dermatitis. Ndalemba nkhaniyi mwatsatanetsatane chifukwa chilonda chimenechi galu amadzipanga yekha ndi mano ndi lilime lake, koma eni ziweto ambiri, ngakhalenso anzathu ena ogwira ntchito m'midzi, amalimbana ndi chilondacho n'kusiya chimene chikumuyabwa galuyo.

Zimene a pakhomo anafotokoza

Mwini galu ndi bambo wachikulire amene amaweta ng'ombe ndi kulima mapira. Uthenga umene ananditumizira unali woti galu wawo wapsa, ndipo nditafika anabwereza zomwezo: "Adokotala, galuyu amuthira madzi otentha. Akuba ng'ombe akufuna amuchotse kaye." Sindinawaone ngati akulankhula zopanda mutu. Umbava wa ng'ombe kuno ndi vuto lenileni, ndipo chilonda chotere chimaonekadi ngati galu wapsa: ubweya umathothoka, khungu limafiira, pamatuluka madzi. Chimabweranso mwadzidzidzi. Malinga ndi iwo, Lachiwiri madzulo galuyo analibe bala lililonse. Lachitatu m'mawa anaona malo onyowa pamwamba pa mchira, ndipo pofika Lachinayi, tsiku limene ndinamuona, malowo anali atakula kuwirikiza kawiri.

Lachitatu lomwelo mnyamata woweta ng'ombe anapaka pachilondapo oilo wakuda wochotsa mu injini ya njinga yamoto. Ataona kuti galu akunyambitabe, madzulo ake anamuthira mankhwala a dipi a ng'ombe okhala ndi amitraz, ndipo malinga ndi mmene anandionetsera, madzi amene anasungunulira anali ochepa kwambiri. Usiku umenewo galu anangogona, osauwa, osadya, ndipo akadzuka ankayenda modzandira. Umu ndi mmene amitraz amachitira akachuluka m'thupi, ndipo khungu lotupa ndi lotseguka limalowetsa mankhwalawa msanga kuposa khungu labwinobwino. Mwamwayi pofika m'mawa anali atayamba kutsitsimuka.

Ndisanamugwire ndinafunsa za katemera wa chiwewe, chifukwa galu amene akumva ululu wotere amaluma ngakhale mbuye wake. Mayi a pakhomopo anatulutsa chiphaso choonetsa kuti anabayidwa mu Sepitembala. Mayi omwewo ndi amene anandipatsa mbiri imene ndinkafuna. "Kukandaku wayamba kale, adokotala, mvula isanagwe n'komwe. Usiku amangodziluma kumbuyoku, tcheni kumangolira mpaka kucha." Agalu ena awiri a pakhomopo, omwe ndi wamba a ubweya waufupi, ankakandanso koma pang'ono. Palinso mphaka mmodzi. Ana awiri aang'ono anali ndi totupa toyabwa m'akakolo.

Masana galuyu akamasulidwa amathamangira ku ngalande yothirira nzimbe, n'kukagona m'madzi kuti azizidwe. Akachoka kumeneko amabwera ali chinyowere kudzagona m'khitchini yakale. Khitchiniyi ndi yotsala pa nyumba imene inagwa ndi madzi osefukira a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Banjali linamanga ina pamalo okwera pang'ono, ndipo yakaleyo inasanduka ya agalu ndi nkhuku zoikira. Pansi pake ndi mchenga umene madzi anasiya, pali masaka akale, ndipo dzuwa silifikamo. Chakudya cha galu ndi nsima ya mapira kapena ya chimanga, mitu ya mlamba ndi zotsala za pakhomo.

Zimene ndinapeza pomuyeza

Kutentha kwa thupi kunali madigiri 39.1, komwe ndi kwabwino kwa galu, pakuti kwake kumakhala pakati pa 38 ndi 39.2. Nkhama zinali zofiirira bwino, osati zoyera, mtima unkagunda bwino ndipo analibe mwanabere kuseri kwa mawondo.

Galu wa ululu chonchi nthawi zambiri timamubaya jakisoni womugonetsa pang'ono kuti timete bwino. Apa sindinatero. Mankhwala amene ndinali nawo anali xylazine, ndipo xylazine ndi amitraz amagwira thupi mofanana: onse amachedwetsa kugunda kwa mtima ndi kufooketsa nyama. Kubaya galu amene dzulo lake ankadzandira ndi dipi kukanakhala kuika moyo wake pachiswe. Anzanga ogwira ntchito kumadera a ng'ombe, funso loti "mwamuthira dipi kodi?" muzilifunsa musanatenge jakisoni, chifukwa eni ziweto sanena okha. Ndinamumanga kukamwa ndi bandeji, bambo aja anagwira mutu n'kumamulankhula, ndipo ndinayamba ndi kuika pachilondapo nsalu yoviika m'madzi ozizira a mchere kwa kanthawi kuti ululu utsike. Tinagwira ntchitoyi pamthunzi wa mtengo wa nimu, pang'onopang'ono.

Ndisanamete, chilonda chinkaoneka cha masentimita pafupifupi 6. Nditameta chinapezeka kuti ndi cha masentimita 11 m'litali ndi 9 m'lifupi. Gawo lalikulu linabisika pansi pa ubweya umene unamatana ndi mafinya ndi oilo. Chinali chofiira, chonyowa, chokhala ndi madzi achikasu pamwamba, koma chosazama, ndipo malire ake ndi khungu labwino ankaoneka bwinobwino. Ndinayang'anitsitsa khungu lozungulira chilondacho kufunafuna totupa kapena timatuza ta mafinya tomwazikana m'mbali, ndipo sindinapeze. Khungu silinakhuthale ndipo panalibe mabowo. Zimenezi ndi zimene zimandiuza ngati tizilombo tili pamwamba pokha kapena talowa m'mizu ya ubweya, ndipo chithandizo chonse chimadalira pamenepa.

Kuti sanapse zinaoneka poyera. Madzi otentha akathiridwa pa galu amasiya mizere yotsika m'nthiti mmene anayenderera. Apa chilonda chinali chozungulira, pamalo amene galu amafikapo ndi kamwa akapinda msana, ndipo ubweya wa m'mbali mwake unali woduka ndi mano ndiponso wosintha mtundu chifukwa cha malovu. Ndinawaonetsa bambo aja zimenezi ndi chala, ndipo mtima wawo unakhala pansi pa nkhani ya akuba.

Kenako ndinapesa ubweya wa kumbuyo ndi chipeso cha mano othinana n'kugwetsera zotuluka papepala loyera lonyowa. Tinthu takuda timene tinagwa tinasungunuka n'kusiya madontho ofiira. Ndi ndowe za nthata, zomwe ndi magazi a galu amene nthata zayamwa. Pamimba ndi m'mphechepeche ndinaona nthata zamoyo zikuthamanga. M'mphepete mwa makutu munali utitiri wa nkhuku umene umakakamira malo amodzi, ndipo nsonga za makutu zinali ndi nkhanambo za magazi chifukwa cha ntchentche zoluma za kukhola. Pakati pa zala ndinachotsa nkhupakupa zingapo zofiirira. Pansi pa mchira panamatirira tizidutswa toyera tonga mpunga, tomwe ndi ta njoka ya m'mimba yaphanthiphanthi imene galu amaitenga akameza nthata podziluma.

Matenda ena amene angayambitse chilonda chotere ndinaona mwachangu kuti palibe. M'kati mwa makutu munali mwaukhondo, ndipo chilonda chochokera ku matenda a khutu chimakhala patsaya kapena m'khosi. Timatumba tiwiri ta m'mbali mwa njira ya chimbudzi, timene tikadzaza galu amadziluma kumchira, sitinadzaze. Zipere zimakhala zouma ndipo siziyabwa chonchi. Chitedze nyengo yake inali itapita. Pamimba panalibe zithupsa za kabowo pakati zimene zimakhala ndi mphutsi imodziimodzi. Chimene ndinachedwa nacho ndi mphere. Mphere za agalu zimakonda m'mphepete mwa makutu, m'zigongono ndi m'akakolo, ndipo ukatikita khutu galu amayamba kupalasa ndi mwendo wakumbuyo. Galuyu sanapalase, ndipo malo amenewo anali ndi ubweya wake. Ndinapalabe khungu malo atatu n'kukayang'ana pa maikulosikopu, ndipo sindinaone tizilombo ta mphere. Kusaona sikutanthauza kuti mulibe, chifukwa tizilombo ta mphere zotere, totchedwa Sarcoptes, timavuta kupeza, koma ndinafuna kutsimikiza makamaka za Demodex, mtundu wina wa tizilombo ta mphere umene umachuluka kwambiri galu akapatsidwa mankhwala oletsa kuyabwa amene ndinkafuna kumupatsa.

Chimene chinachitika pakhungupa

Agalu atatu ankagona pamchenga umodzi ndipo onse anali ndi nthata, koma chilonda chinabuka pa mmodzi. Chifukwa choyamba n'choti thupi la galuyu limadana ndi malovu a nthata. Galu wotere safunika nthata zambiri. Zochepa zokha zikamuluma, kumbuyo konse kuyambira pakati pa msana mpaka patsinde pa mchira ndi m'ntchafu kumayabwa kwa masiku. Chifukwa chachiwiri ndi ubweya. Galu wamba akatuluka m'madzi amauma msanga. Uyu pamwamba amaoneka wouma koma pansi, pafupi ndi khungu, pamakhala ponyowa ndi pofunda mpaka madzulo. Khungu lonyowa nthawi yaitali limafewa, ndipo mano akalikanda limatseguka mosavuta.

Likatseguka, mabakiteriya amene amakhala kale pakhungu la galu aliyense, makamaka Staphylococcus pseudintermedius, amachulukana m'madzi otuluka pachilondapo. Madziwo amamata ubweya wa m'mbali, khungu la pansi pake limanyowanso, kuyabwa kumawonjezeka, galu amalumanso, chilonda n'kumakula. Zonsezi zimachitika m'maola ochepa, ndiye chifukwa chake mwini galu amagona galu ali bwino n'kudzuka ali ndi chilonda. Oilo anangowonjezera moto: anatseka chinyontho m'kati, anapsereza khungu lotseguka, ndipo wina galu anameza ponyambita.

Chithandizo cha tsiku loyamba

Ndinayamba ndi kutsuka oilo ndi dipi. Galu yense tinamusambitsa ndi sopo wamadzi wotsukira mbale ndi madzi ofunda pang'ono, n'kumutsukuluza mpaka fungo la dipi litatha, kenako tinamupukuta ndi nsalu mpaka pakhungu. Ndinameta ubweya wa pachilonda ndi wozungulira mpaka masentimita 3 kulowa m'khungu labwino. Ndinagwiritsa ntchito sizasi yogonetsa chafufumimba ndi khungu. Lezala sindimufuna pa ntchito imeneyi chifukwa amapala khungu n'kuyambitsa kuyabwa kwina. Kumetaku ndi theka la chithandizo chonse. Mankhwala alionse opaka pamwamba pa ubweya womatana safika pamene pali vuto.

Nditameta ndinatsuka mafinya ndi madzi a mchere, supuni yaing'ono imodzi ya mchere pa theka la lita ya madzi owiritsa ndi kuziziritsa. Kenako ndinapaka chlorhexidine, mankhwala opha tizilombo pakhungu, wosungunula kufika pa 0.5%, ndinamusiya kwa mphindi 5, n'kuumitsa posindikiza ndi nsalu yoyera, osakhula. Ndinawasiyira mayi aja mankhwala omwewo kuti azichita chimodzimodzi m'mawa ndi madzulo. Kumene chlorhexidine kulibe, povidone iodine wosungunula gawo limodzi pa magawo 10 a madzi amagwira ntchito. Chilonda sindinachimange. Chimafuna mpweya kuti chiume.

Pofuna kuletsa kuyabwa ndinamupatsa prednisolone, mamiligalamu 10 kamodzi patsiku m'mawa pamodzi ndi chakudya kwa masiku 5, womwe ndi mlingo wa pafupifupi theka la miligalamu pa kilogalamu iliyonse. Mankhwalawa amachititsa ludzu ndi kukodza pafupipafupi, choncho ndinanenetsa kuti beseni la madzi lisaphwe, makamaka ndi kutentha kwa kunoku. Si mankhwala oti munthu azigula yekha n'kumapatsa galu nthawi iliyonse akakanda. Akamwedwa nthawi yaitali amafooketsa chitetezo cha thupi, ndipo pa galu wa mphere za Demodex kapena wa chilonda chozama amawonjezera matenda.

Bambo aja anadikira mpaka nditatseka chikwama, kenako anafunsa: "Nanga jakisoni, adokotala? Simumubaya?" Amene amaweta ng'ombe anazolowera kuti chithandizo chenicheni ndi jakisoni wa oxytetracycline, ndipo ukachoka osabaya amaona ngati wawanyalanyaza. Ndinawafotokozera kuti tizilombo tili pamwamba pa khungu pomwe mankhwala opaka akufika, ndipo jakisoni sangaletse galu kudziluma. Ndinawalonjeza kuti ndikadzaona totupa m'mbali mwa chilonda, kapena khungu likadzakhuthala n'kuyamba kutuluka mafinya m'timabowo, ndidzamupatsa cephalexin, mankhwala akumwa opha mabakiteriya, kawiri patsiku kwa milungu yosachepera 3. Pa nkhani imeneyi sindigonja. Tikamabaya mankhwala opha mabakiteriya pa chilonda chilichonse, tsiku limene tidzawafunedi tidzapeza kuti sakugwiranso ntchito, pa ziweto ngakhalenso pa anthu a m'nyumba momwemo.

Chotsatira chinali kutchinga kamwa. Tinatenga ndowa yapulasitiki yaing'ono, tinadula pansi pake, tinakulunga m'mphepete ndi nsalu kuti isamucheke, tinaboola timabowo n'kuimangirira ku lamba wa m'khosi, kukamwa kwa ndowa kukuyang'ana kutsogolo n'kupitirira mphuno pang'ono. M'mbali tinaboolamo mabowo ena kuti mpweya uzilowa, ndipo ndinadikira mpaka nditamuona akumwa madzi ali chivalire. Ndinamupatsanso praziquantel wa njoka za m'mimba, mamiligalamu 5 pa kilogalamu. Mankhwala a nthata odontheza pakhosi a fipronil ndinati adikire masiku awiri, chifukwa amayenda m'mafuta a pakhungu ndipo sopo anali atangochotsa mafutawo.

Mmene anayendera

Tsiku lachitatu pakati pa chilonda panali patayamba kuuma, koma m'munsi mwake munali mutatsegukanso ndipo chinali chitakula ndi masentimita ena atatu kulowera kuntchafu. Bambo aja sanabise. Usiku ankamuvula ndowa poopa kuti akuba akabwera galu sangamve bwino kapena kuluma. Nkhawa yawo ndinaimvetsa, pakuti chuma chawo chonse chili m'kholamo. Koma usiku ndi nthawi imene galu amakhala yekha popanda womuletsa, ndipo ola limodzi lodziluma limafafaniza ntchito ya masiku awiri.

Choopsa kwambiri chinali china. M'mphepete mwa malo atsopanowo, pansi pa ubweya, munali mazira oyera a ntchentche ndi timphutsi tochepa titangoswa kumene. M'nyengo yotentha mazira amenewa amaswa tsiku lisanathe. Ichi ndi chimene chimasiyanitsa chilonda chotere kuno kuchigwa ndi cha galu wa m'nyumba ku Namiwawa kapena ku Area 10. Khomo lililonse la ng'ombe lili ndi ntchentche zosawerengeka, ndipo zina mwa izo mphutsi zake zimadya mnofu wamoyo n'kuboola kulowa m'kati. Chilonda chimene chikanapola m'mlungu umodzi chimatha kusanduka dzenje lonunkha. Ndinameta malo atsopanowo, ndinachotsa mazira ndi mphutsi zonse ndi kachitsulo kopanira, ndinatsukuluza ndi madzi a mchere n'kuyang'ana ngati pali bowo lililonse. Panalibe, ndipo m'mbali munalibenso totupa, choncho chithandizo sichinasinthe, kupatula kuti prednisolone ndinawonjezera masiku awiri pa theka la mlingo.

Tinagwirizana kuti agalu awiri aja ndi amene azilondera, ndipo wodwalayu azikhala pakhonde la nyumba yatsopano usana ndi usiku ali ndi ndowa yake. Mayi anapachika neti yakale ya udzudzu mozungulira pamene amagona kuti ntchentche zisamufike masana. Nsonga za makutu ankazipaka Vaseline. Tsiku lomwelo agalu onse atatu tinawadontheza fipronil pakhungu la kuseri kwa khosi.

Pa tsiku la 7 chilonda chonse chinali chitauma, chili ndi nkhanambo yopyapyala, ndipo galu sankatembenukiranso kumchira. Ndowa inachoka pa tsiku la 10. Patatha milungu iwiri nkhanambo inali itagwa yokha, khungu lili losalala, ndipo mlungu wachitatu ubweya unayamba kumera.

Khitchini yakale

Nthata zimene timaziona pa galu ndi gawo laling'ono chabe, pafupifupi 5 pa 100 zilizonse. Zotsalazo ndi mazira, timphutsi ndi zikwa zimene zili pansi pamene galu amagona. Nthata yaikazi imodzi imatha kuikira mazira 40 mpaka 50 patsiku. Mazirawo samatirira paubweya, amagwera pansi. Timphutsi take timathawa kuwala n'kulowa mumchenga, m'ming'alu ndi m'masaka, ndipo kukafunda nthata yatsopano imatuluka pakatha milungu iwiri kapena itatu. Zikwa zimatha kudikira miyezi. Pabwalo la dzuwa la Okutobala timphutsiti timafa ndi kuuma, koma pamchenga wa mthunzi umene galu wonyowa amagonapo tsiku ndi tsiku timapeza zonse zimene timafuna. Totupa ta m'akakolo mwa ana aja tinkachokera komweko, chifukwa ndi iwo ankatumidwa kukatola mazira a nkhuku.

Ntchito ya pamenepa inali ya khasu ndi tsache kuposa ya mankhwala. Masaka akale anawatentha pamodzi ndi udzu wa m'zisa za nkhuku. Mchenga wa pamwamba anaukokolola n'kukaumwaza pabwalo padzuwa, ndipo pansi anazira ndi dothi kuti pazisesedwa. Mbali imodzi ya denga anaisasula kuti dzuwa lizilowa. Agalu anawapatsa masaka atsopano amene amachapidwa ndi madzi otentha kamodzi pamlungu n'kuyanikidwa pachingwe. Ndinanenetsa za chingwe chifukwa nsalu yonyowa yoyanika pansi pamthunzi, makamaka pamchenga umene ziweto zimakodzapo, ndi pamene ntchentche ya mphutsi za pakhungu imaikira mazira.

Ndinawauzanso kuti kwa miyezi iwiri kapena itatu aziyembekezera kuona nthata zina, chifukwa zikwa zotsala zimapitiriza kuswa. Eni agalu ambiri amasiya mankhwala pa mwezi woyamba poganiza kuti sakugwira ntchito.

Za ngalande sindinaletse kotheratu. Galu satuluka thukuta ngati munthu, amadziziziritsa popuma wefuwefu, ndipo galu wa ubweya wotere pa madigiri 40 akhoza kufa ndi kutentha. Kumumana madzi popanda kumupatsa njira ina ndi nkhanza. Tinagwirizana kuti akhale ndi mthunzi wa mphepo ndi madzi akumwa pakhomo, ubweya wa m'khosi ndi kumbuyo azifupikitsa ndi sizasi isanafike Okutobala, osameta mpala chifukwa dzuwa lingamutenthe khungu, ndipo azimupesa kuti ubweya wakufa wa pansi uzichoka. Akabwera wonyowa amupukute mpaka pakhungu. Madzulo alionse wina alowetse zala muubweya wa patsinde pa mchira, m'khosi ndi kuseri kwa makutu. Chilonda chotere dzanja limachipeza maso asanachione: pamakhala pofunda, ponyowa, ndipo galu amatembenuka msanga.

Mwini galu akapeza malo otere, angathe kuyamba yekha kumeta, kutsuka ndi madzi a mchere, kuumitsa ndi kuvalika ndowa. Aitane dokotala kapena mlangizi wa ziweto ngati chilonda chikukulabe pakatha tsiku, ngati chili pafupi ndi diso kapena khutu, ngati chikununkha kapena chili ndi mphutsi, kapena galu wasiya kudya. Oilo, Jik ndi mankhwala ophera tizilombo m'thonje zisayandikire khungu la chiweto. Mankhwala ofiirira opopera pa zilonda za ng'ombe amaumitsa ndithu kachilonda kakang'ono kometa kale, koma amabisa mtundu wa khungu moti sitingaone ngati chikupola kapena chikuzama. Madzi a masamba a nimu ambiri kuno amasambitsira agalu. Sindiwaletsa pakhungu labwino, koma sathetsa nthata za pansi, ndipo pachilonda chotseguka sindiwalola. Brufen ndi diclofenac amaboola chifu ndi kuwononga impso za galu.

Mphaka amafuna chenjezo lakelake. Thupi lake silitha kuchotsa mankhwala ambiri amene galu amapirira. Panado amapha mphaka. Mankhwala a nthata a agalu okhala ndi permethrin amamuchititsa kunjenjemera ndi kukomoka, ndipo dipi wa ng'ombe ndi Dettol ndi zoopsanso kwa iye. Ayenera kupatsidwa mankhwala amene palembedwa kuti ndi a mphaka, pa mlingo wa mphaka.

Pamene zinthu zili tsopano

Patatha milungu 6 ubweya unali utabwerera, ngakhale kuti pamalopo ndi wakuda pang'ono kuposa kwina. Chipeso sichinatulutse ndowe za nthata pa galuyu, koma pa mmodzi wa agalu awiri aja zinalipo zochepa. Totupa ta ana tinatha. Nsonga za makutu zikadali ndi nkhanambo, ndipo zimenezi sizitha msanga malinga ngati galu akugona pafupi ndi khola. Ndapempha kuti ndowe za m'khola zizichotsedwa pafupipafupi kupita kumunda.

Mphaka sanalandirebe mankhwala chifukwa sagwirika, ndipo ndi iye amene ndikumukayikira kuti akusunga nthata pakhomopo. Mayi ayamba kumupatsira chakudya m'chipinda kuti azolowere kulowa. Bambo aja anadandaula za mtengo wa fipronil wa agalu atatu mwezi ndi mwezi, ndipo dandaulo lawo ndi loona. Ndinawatchulira mapiritsi a nthata a fluralaner amene amagwira ntchito milungu 12, koma ndi okwera mtengo kwambiri pogula kamodzi. Tagwirizana kuti agalu onse alandire fipronil mwezi uliwonse mpaka Epulo, mvula ikatha, kenako awiri aja tidzaone mmene alili, koma uyu wodana ndi malovu a nthata asadumphitse mwezi chaka chonse.

Galuyu akadzayambiranso kukanda pamene nthata kulibe, ndidzamuyesa chithandizo cha mphere ndi ivermectin, jakisoni mmodzi pa milungu iwiri iliyonse katatu, ngakhale kupala khungu kusaonetse kanthu. Zikadzakanika, chotsatira ndi kumusinthira chakudya kwa milungu 8, kumupatsa mtundu umodzi wa nyama umene sanadyepo pamodzi ndi mbatata, osalawa china chilichonse, kuti tione ngati chakudya chili ndi mbali pa kuyabwaku.